Kutsatira baseball pa foni osamaliza bandulo komanso osagwa ndi tulo

Chipewa cholembedwa NY chija chili paliponse, mu minibasi, ku msika, kometetsa, ena anachitola pa kaunjika ena anachita kutumiziridwa ndi abale aku Joni, koma mukafunsa ochivalawo kuti NY-yo ndi ya chani ambiri angokuuzani kuti New York basi. Ndi chizindikiro cha New York Yankees, timu ya baseball yomwe yatenga chikho cha World Series ka 27 kuposa timu ina iliyonse, ndipo cha LA chija ndi cha Los Angeles Dodgers. Nde ngati munayamba mwafunako kudziwa kuti masewero akewo amayenda bwanji, kapena munangoona kakilipi pa TikTok munthu atamenya mpira mpakana kukagwera mwa anthu oonera mtima nkukuuzani kuti apa pali nkhani, ndikufuna ndikuonetseni poyambira ndi foni yomwe muli nayoyo. Sizilira dishi, sizilira laputopu.

Chomwe ndikufuna muchigwire kaye ndi chakuti baseball sikuti mpakana muione ndi maso kuti muimve kukoma. Mpira wa miyendo ukangocheuka pang'ono zambiri zakudutsa ndipo palibe angakulembere zonse, koma baseball imayenda ngati bawo, wina aponye, aime, onse aganize, aponyenso, ndipo kuponya kulikonse kuli ndi zotsatira zake zomwe zimakwana mu mzere umodzi wa mawu. Nchifukwa chake ku America akhala akuimvera pa wailesi kuyambira 1921 ndipo mpaka pano alipo amene amakonda wailesi kuposa TV. Kwa ife owerengetsera ma MB iyi ndi nkhani yokoma zedi.

Malamulo oti muyambire

Musayambe ndi kuwerenga malamulo onse, mutopa musanafike patali. Zofunika ndi zochepa. Timu ina imamwazikana m'bwalo anthu 9, inayo imatumiza munthu mmodzimmodzi kukamenya ndi ndodo ija. Woponya, amene amamutcha pitcher, amaima pa kachitunda pakati pa bwalo, mamita 18 ndi pang'ono kuchokera pomwe pali womenya, kumbuyo kwa womenyayo kumakhala wina wonjuta atatchinga nkhope, ameneyo ndi wowakha. Womenya akaumenya amathamanga kudutsa malo atatu oimapo otchedwa ma base nkubwerera pomwe anayambira, akafika ndiye run imodzi imeneyo, tingoti chigoli. Sikuti azungulire ulendo umodzi ayi, atha kuima pa base yoyamba kudikira mnzake amenye iye asunthe. Akaumenya mpaka kutuluka kuseri kwa mpanda ndi home run, iyeyo ndi onse omwe anali pa ma base amayenda mwa ulemu wawo kukachinya.

Womenya amatuluka, yomwe ndi out, akalephera ma strike atatu, kapena wina akawakha mpira m'malere usanagunde pansi, kapenanso mpira ukafika pa base yoyamba iye asanapondepo. Strike ndi pomwe wazunguza ndodo nkuphonya, kapena mpira wadutsa pabwino penipeni iye osaumenya. Woponya akaponya kumbali womenya osatengeka nawo imeneyo ndi ball, zikakwana zinayi amapita pa base yoyamba ulele. Ma out atatu akakwana matimu amasinthana. Onse awiri akamenyako ndiye inning imodzi yatha, gemu imakhala ndi ma inning 9, ndipo kulibe zofanana mphamvu, akafanana amapitiriza mpakana wina apambane.

Tsopano taonani kabokosi kamene kamakhala pakona pa sikirini, kameneko mukakadziwa kuwerenga basi mwalowa. Tiyerekeze kalembedwa NYY 3, BOS 2, pambali pali 9 ndi kamuvi koloza pansi, pali timabokosi titatu tiwiri tayaka, kenako 3-2, pansi pake timadontho tiwiri. Apa ndiye kuti Yankees ikutsogola ndi chimodzi, tili mu inning yomaliza, kamuvi koloza pansi kakutanthauza kuti akumenya ndi eni bwalo chifukwa alendo amayamba eni ake amatsiriza. Timabokosi toyakato ndi anthu awiri omwe ali pa ma base. 3-2 amayamba kuwerenga ma ball kenako ma strike, nde mpira ukubwerawo ndi woweruza nkhani, ndipo timadontho tiwiri ndi ma out awiri. Womenya akaphonya gemu yatha Yankees yawina, akaumenya bwino awiri aja nkulowa gemu yathanso pompo Boston yawina, yomwe amati walk-off. Zonsezo mwazidziwa osaona vidiyo olo sekondi imodzi, ndipo mtima umagunda chimodzimodzi.

Nthawi, apa ndi pomwe ambiri amagonjera

Ligi yaikulu ndi MLB, matimu 30, onse ali ku America kupatula Toronto Blue Jays ya ku Canada. Sizoni imayamba kumapeto kwa Malichi nkutha kumapeto kwa Seputembala, kenako Okutobala ndi wa ndime zolimbirana chikho. Nthawi yonseyi New York imakhala kumbuyo kwathu ndi maola 6, Chicago 7, Los Angeles 9. Nthawi ya ku Malawi ndi imodzi ndi ya ku Zambia, Zimbabwe, Mozambique ndi South Africa nde masamuwa ndi a tonse, inu aku UK muchotsepo ola limodzi.

Gemu zambiri amasewera madzulo kwawoko. Ya 7 koloko madzulo ku New York kuno ndi 1 koloko usiku, nthawi yoipitsitsa, sungaidikire komanso sungaidzukire. Ya 7 koloko ku Los Angeles kuno ndi 4 koloko m'bandakucha, imeneyo ndiye yabwino kwa munthu wolawirira, chifukwa kuyambira 2023 anaika wotchi yoti woponya asamachedwe, masekondi 15 ngati pa ma base palibe munthu, nde gemu zomwe kale zinkapitirira maola atatu pano zambiri zimatha mu maola awiri ndi mphindi 40. Mukadzuka 5 koloko mupeza ili pakati, mumvera mukutenthetsa madzi osamba, isanakwane 7 koloko yatha inu nkunyamuka.

Koma chinsinsi chenicheni ndi gemu za masana. Lamulungu pafupifupi matimu onse amasewera masana, ya 1 koloko masana ku New York kuno ndi 7 koloko madzulo, mwadya nsima mwakhala pansi. Lachitatu ndi Lachinayi zimakhalaponso zingapo chifukwa matimu amafuna amalize msanga akwere ndege kupita ku mzinda wina. Ndiye pali Chicago Cubs, bwalo lawo la Wrigley Field linakhala lopanda magetsi osewerera usiku mpakana 1988 ndipo chizolowezi chosewera masana sichinathe, gemu zawo zambiri za pakhomo zimayamba 1:20 masana yomwe kuno ndi 8:20 usiku. Ngati simufuna kusokoneza tulo ndi pang'ono pomwe, ganizirani timu imeneyi.

Musavutike kuwerengetsa pamtima tsiku lililonse, apu ya MLB imaonetsa nthawi malingana ndi komwe foni yanu ili. Komabe ikani New York ndi Los Angeles pa wotchi ya mufoni ija, pa World Clock, zimathandiza mukamawerenga zomwe anthu akulemba akati tonight. Musamale ndi tsiku, gemu yomwe iwo akuti ya Lachisanu usiku kwa inu ndi Loweruka m'mawa.

Kulinso Japan ndi South Korea, komwe baseball ndi nkhani yaikulu kwambiri. Ligi ya ku Japan, NPB, ili ndi matimu 12 ndipo gemu ya 6 koloko madzulo ku Tokyo kuno ndi 11 koloko m'mawa. Ya ku Korea, KBO, ili ndi matimu 10, mkati mwa sabata amayamba hafu 6 madzulo yomwe kuno ndi hafu 11. Masapota akumeneko amaimba gemu yonse, wosewera aliyense ali ndi nyimbo yake, mudzaonereko ka vidiyo kamodzi mudzamve nokha.

Zoika mufoni ndi mmene mungasungire data

Dawunilodani apu ya MLB pa Play Store kapena App Store, ndi yaulele, tsegulani akaunti ndi imelo. Mkatimo muli chinthu chotchedwa Gameday, ichi ndiye chida chathu. Mukadina gemu yomwe ikuseweredwa mumaona chithunzi cha womenya ndi kabokosi kamakona anayi patsogolo pake, mpira uliwonse ukaponyedwa pamabwera kadontho ka nambala kosonyeza pomwe wadutsa, kofiira ndi strike, kobiriwira ndi ball, ka buluu ndiye kuti waumenya. Pansi amalemba mtundu wa kaponyedwe ndi liwiro lake, mwachitsanzo fastball (wothamanga) 97 mph, slider (wokhota) 86 mph. Iwo amayeza mu ma mayilosi, ingodziwani kuti 100 mph ndi makilomita 161 pa ola. Mukakhala nayo Gameday kwa masiku angapo mumayamba kuona maganizo a woponya, wayamba ndi wothamanga m'mwamba, kachiwiri wothamanga m'mwamba momwemo, nde mumadziwiratu kuti wachitatu aponya wokhota wogwera pansi kuti womenya authamangire, ndipo zikachitikadi mumamva kukoma kwina kwake. Zonsezi ndi mawu ndi tizithunzi basi, data yake ndi yochepa kwambiri poyerekeza ndi vidiyo, olo netiweki ikhale yofooka imakoka ndithu.

Ngati foni yadzadza simungaikenso apu ina, lembani dzina la timu pa Google, zigoli zimabwera pamwamba pomwepo zikusintha zokha, ndipo pa Android pamakhala koti mudine kuti kabokosi ka zigoliko kakhale pa sikirini inu mukucheza pa WhatsApp.

Vidiyo muisungire m'mawa. Tchanelo ya MLB pa YouTube imaika zikuluzikulu za gemu iliyonse ikangotha, mphindi 10 kapena kuchepera apo. Musanadine play lowani pa Quality musankhe 360p, mpira umaoneka ndithu pa sikirini ya foni, mukaisiya pa Auto ikapeza netiweki yabwino imakwera yokha kupita pa HD ndipo HD ya ola limodzi itha kudya 1GB kapena kuposa. Tsekaninso autoplay pa YouTube, pa X, pa Facebook ndi pa Reddit, chifukwa masamba a baseball ndi odzadza ndi timavidiyo tomwe timayamba tokha mukungodutsa, bandulo imathera pamenepo osati pa gemu yomwe munafuna. Ngati netiweki yanu ili ndi bandulo ya usiku yotsika mtengo, onani maola ake, nthawi zambiri amagwirizana bwino ndi gemu zaku America.

Gemu yathunthu pa vidiyo imapezeka pa MLB.TV, yolipira mu madola ndi khadi ya ku banki, mtengo umasintha chaka ndi chaka nde muone nokha mu apumo. Osathamangira kulipira. Masiku ambiri pamakhala gemu imodzi yaulele, Free Game of the Day, imangofuna akaunti ija, yambani ndi imeneyo tsiku lomwe muli pa Wi-Fi. Pali njira inanso yotsikirapo mtengo yongomvera owulutsa a pa wailesi a timu iliyonse, ineyo ndi yomwe ndimalimbikitsa kwa amene akumva chizungu bwino, mawu okha sadya data yambiri, batire silitha msanga chifukwa sikirini yazima, ndipo owulutsa a pa wailesi amafotokoza chilichonse poti amadziwa kuti simukuona. Mahedifoni m'khutu, ena m'nyumba ali mtulo, palibe amene mwamusokoneza.

Ma linki aulele omwe anthu amatumizirana aja, ndikupempheni, asiyeni. Amatsegula masamba khumi musanaone mpira, ena amakuuzani kuti foni yanu ili ndi vayirasi dawunilodani ichi, ena amafuna nambala ya foni, ndipo foni yomweyo ndi yomwe muli ndi mobile money yanu. Apu iliyonse yomwe ikubwera ngati fayilo ya APK pa gulu la WhatsApp musaiike.

Za ma notification, musayatse zonse. Sankhani timu imodzi, yatsani kuti izikuuzani gemu ikayamba ndi ikatha basi, apo ayi foni izilira usiku wonse. Ndipo ngati mukufuna kudzaonera m'mawa musakudziwa amene wawina, zimitsani zonse, mu settings ya apuyo muli poti mubise zigoli, yatsani pamenepo, komanso mukadzuka musayambire pa X. Foni itchajeni madzulo magetsi akadalipo, Okutobala makamaka, pawabanki ikhale pafupi.

Sankhani timu, musakhale wa onse

Timu iliyonse imasewera gemu 162 pa sizoni, pafupifupi tsiku lililonse, ndipo amakumana ndi timu imodzi masiku atatu kapena anayi otsatizana asanapite kwina. Palibe munthu amene angatsatire matimu 30, olo eni ake aku America satero. Tengani imodzi muidziwe anthu ake, amene amayamba kumenya, amene amalowa kumapeto kudzatseka gemu, mnyamata amene wangokwezedwa kumene kuchokera ku timu yaing'ono. Kukoma kwa baseball kuli pamenepo, kudzuka tsiku lililonse nkupeza kuti anthu ako achitapo kanthu usiku.

Posankha yambani ndi funso la nthawi lija. Wolawirira atenge ya kumadzulo, Dodgers, San Francisco Giants, San Diego Padres, Seattle Mariners. Dodgers ili ndi Shohei Ohtani wa ku Japan, munthu amene amaponya komanso kumenya, zomwe ena onse amasankha chimodzi, anasaina kontilakiti ya zaka 10 ya madola 700 miliyoni mu Disembala 2023, nde mu 2024 anamenya ma home run 54 nkuba ma base 59, uku ndi kuthamangira base yotsatira osadikira kuti mnzako amenye, woyamba kufika 50 mbali zonse ziwiri. Dodgers inatenga chikho mu 2024 ndi 2025. Yankees ili ndi Aaron Judge amene anamenya ma home run 62 mu 2022, ndipo udani wawo ndi Boston Red Sox ndi wakalekale. Cubs inakhala zaka 108 osatenga chikho mpakana 2016, masapota ena anabadwa nkukalamba nkumwalira osachiona. Dodgers ilinso ndi mbiri ina yomwe imandikhudza, ndi timu yomwe pa 15 Epulo 1947, ikadali ku Brooklyn, inalowetsa Jackie Robinson m'bwalo nthawi yomwe anthu akuda ankaletsedwa kusewera mu ligi imeneyi, anatukwanidwa, anaopsezedwa, koma anapirira, ndipo lero pa 15 Epulo chaka chilichonse osewera onse a matimu onse amavala nambala yake 42.

Afrika nayo ilimo pang'ono. Gift Ngoepe wa ku South Africa, amene anakulira pa bwalo la kalabu ya baseball ku Randburg komwe mayi ake ankagwira ntchito, analowa gemu yake yoyamba ndi Pittsburgh Pirates pa 26 Epulo 2017 nkumenya bwino ulendo woyamba womwewo, vidiyo yake ilipo pa YouTube ifufuzeni muone mmene anzake anasangalalira. Ana aku Lugazi ku Uganda anakasewera Little League World Series ku Williamsport ku America mu 2012, timu yoyamba yochokera ku Afrika. Inu aku UK munali ndi mwayi, MLB inabweretsa gemu ku London mu 2019, 2023 ndi 2024.

Mukasankha mukonzekere kuluza. Timu yabwino kwambiri imaluza gemu 60 pa sizoni, Seattle ya 2001 yomwe inawina 116 inaluzabe 46. Nde musakhumudwe ndi gemu imodzi, mawa kulinso ina. Chinanso, woponya woyamba samasewera tsiku lililonse, amakhala asanu akusinthana, ndiye ngati mukufuna kusankha gemu imodzi pa sabata yoti muidzukire, onani pa apu pomwe alemba amene aponye, mudzukire tsiku la dolo wa timu yanu.

Manambala aja asakuopseni

Masapota a baseball amalankhula ndi manambala, ndipo poyamba zimaoneka ngati masamu a ku sekondale koma ofunika ndi anayi kapena asanu. AVG ya .300 ndiye kuti pa maulendo 10 amamenya bwino katatu, ameneyo ndi katswiri kale, tangoganizani kuvuta kwake. OBP imawerengera ndi maulendo omwe wapita pa base ulele. OPS imaphatikiza kufika pa base ndi mphamvu ya kamenyedwe, .800 ndi wabwino, 1.000 ndi wa gulu lina. Kwa woponya onani ERA, ma run omwe amapereka pa ma inning 9, ikachepa ndiye bwino, pansi pa 3.00 ndi shasha. WAR imayesa kuti wosewerayu wabweretsa mawini angati poyerekeza ndi munthu wamba wongotoledwa, imeneyi anthu amakangana nayo kwambiri, ingoidziwani kuti ilipo. Chilembo K ndi strikeout, womenya kutuluka ndi ma strike atatu aja. Pa mapeto a gemu mumaona R H E, ma run, ma hit (kumenya bwino nkufika pa base) ndi zolakwitsa za ogwira mpira.

Mukafuna kufufuza munthu, Baseball-Reference ili ndi manambala a osewera kuyambira zaka za m'ma 1800, ndi tsamba la mawu lokhalokha losadya data. Baseball Savant ndi ya MLB yomwe, kuyambira 2015 makamera a m'mabwalo amayeza liwiro lomwe mpira wachokera pa ndodo ndi mtunda womwe wayenda, nde mukatsegula wosewera mumaona timizere tofiira pomwe ali bwino ta buluu pomwe ali wofooka, mumamumvetsa mu mphindi imodzi.

Komwe masapota amasonkhana

Poti kwanuko mwina palibe wina amene akutsatira, anzanu muwapeza pa intaneti. Pa Reddit pali r/baseball ya onse, ndipo timu iliyonse ili ndi tsamba lake komwe amatsegula ulusi wa gemu ikamaseweredwa, anthu mazanamazana kulemba nthawi imodzi, kudandaula kochi, kutukwana oyimbira, kukuwa ndi zilembo zikuluzikulu wina akamenya home run. Gameday mbali ina ulusiwo mbali ina, 4 koloko m'bandakucha simukhala nokha. Mukalowa nenani poyera kuti ndinu watsopano ndipo mukutsatira kuchokera kuno, funso lomwe mukuliona ngati lopepera lifunseni, ambiri amasangalala kufotokoza. Koma pali mwiko umodzi, woponya wa timu akafika inning ya 6 kapena 7 osapereka hit olo imodzi, musatchule kuti no-hitter, amakhulupirira kuti ukatchula walodza, ndipo akangopereka hit mlandu ukhala wanu.

Pa X ndi Instagram tsatirani Pitching Ninja, dzina lake lenileni Rob Friedman, amaika timavidiyo tamasekondi ochepa toonetsa mipira iwiri ya woponya mmodzi ataisanjikiza, yonse ikuchoka pamodzi kenako wina kupita uku wina kugwera uko, mukaona kamodzi mumasiya kufunsa kuti bwanji akuphonya chonchi. Pa YouTube pali Jomboy, Jimmy O'Brien, amene amatenga mkangano wa kochi ndi oyimbira nkumawerenga milomo yawo kukuuzani zomwe akunena. Ameneyu anachitapo mbali pa nkhani yaikulu. Mu Novembala 2019 tsamba la nkhani za masewero la The Athletic linalemba kuti Houston Astros, yomwe inatenga chikho mu 2017, inkagwiritsa ntchito kamera kuba zizindikiro za zala zomwe wowakha amapatsa woponya, nkumamenya bini ya zinyalala kuuza womenya mpira womwe ukubwera. Jomboy ndi masapota ena anakafukula mavidiyo akale nkukweza mawu, kugunda kwa bini kuja kunkamveka bwinobwino, aliyense anadzimvera yekha pa foni yake. MLB inalipitsa timuyo madola 5 miliyoni, kochi A.J. Hinch ndi bwana wamkulu Jeff Luhnow ntchito inawathera mu Januwale 2020. Mpaka lero Astros ikapita kwina amaikuwiza, nde mukaona tizithunzi ta bini mu makomenti mudziwe gwero lake. Kuyambira 2022 wowakha amangodina kachipangizo kotchedwa PitchCom woponya nkumva mawu kuchokera mu chipewa chake.

Chenjerani ndi nkhani zabodza, makamaka kumapeto kwa Julayi kapena kumayambiriro kwa Ogasiti pomwe msika wosinthana osewera umatsekedwa, ndi mu Disembala. Pamatuluka ma akaunti otengera dzina ndi chithunzi cha atolankhani odziwika ngati Jeff Passan wa ESPN kapena Ken Rosenthal, chilembo chimodzi chokha chosiyana, nde musanatumizire anzanu dinani dzinalo muone ngati ndi iyedi. Olo anthu enieni amanamizika, mu Disembala 2023 kunamveka kuti Ohtani ali mu ndege kupita ku Toronto, masapota zikwizikwi anakhalira kutsatira ndegeyo pa intaneti, itatera munatuluka munthu wina wa bizinesi, Robert Herjavec, ndipo mawa lake Ohtani analemba yekha pa Instagram kuti akupita ku Dodgers.

Za kubetcha ndinenepo mwachidule. Gemu zimakhala mpaka 15 pa tsiku, tsiku lililonse kwa miyezi 6, ndipo timu yofooka imagonjetsa yamphamvu kawirikawiri kuposa mmene tinazolowera mu mpira wa miyendo, ndalama yanu ithera momwemo. Ngati mukufuna kupikisana ndi anzanu pali fantasy baseball yaulele pa ESPN ndi Yahoo, ndipo mukadziwa osewera ambiri yesani Immaculate Grid, kagemu ka tsiku ndi tsiku ka timabokosi 9 komwe mumalemba wosewera amene anasewerapo matimu awiri omwe akupatsani.

Okutobala

Matimu 12 amalowa ndime yomaliza, ndipo apa malangizo osunga tulo aja mutha kuwaphwanyako pang'ono. World Series ndi ya opambana a American League ndi National League, magulu awiri omwe matimu a MLB anagawidwamo, woyamba kuwina gemu zinayi watenga, ndipo imayamba cha m'ma 8 koloko usiku ku New York, kuno 2 koloko. Gonani msanga, tcherani alamu ya hafu 3 mupeze ma inning omaliza, data yomwe mwakhala mukusunga ija muigwiritse ntchito apa. Dziwani kuti palibe amene angakuuzeni nthawi yothera. Gemu yachitatu ya 2025, Dodgers ndi Blue Jays, inafika ma inning 18, maola opitirira 6 ndi theka, pomwe Freddie Freeman ankamenya home run yothetsa nkhani kuno inali itadutsa 8 koloko m'mawa anthu ali kale pa ntchito. Tsiku ngati limenelo ndi pomwe Gameday imakupulumutsani, foni m'thumba, kusuzumira pang'onopang'ono. Ngati mpikisanowo wafika Lamulungu loyamba la Novembala, aku America amabweza wotchi ndi ola limodzi nde kusiyana ndi New York kumakhala maola 7.

Chikho chikatha kumakhala zii mpakana Febuluwale, kupatula nkhani za kusaina osewera ndi ligi ya ku Dominican Republic yomwe imaseweredwa miyezi imeneyo. Kumapeto kwa Febuluwale matimu amayamba gemu zokonzekera ku Florida ndi ku Arizona, zambiri ndi za masana, ya 1 koloko ku Florida kuno ndi 8 koloko usiku, ndipo wotchi ikasinthanso mu Malichi imabwera pa 7. Zigoli zake sizipita kulikonse, koma ngati mukuyamba kumene ndi nthawi yabwino yophunzirira mayina a anthu a timu yanu ndi kuzolowera kabokosi kapakona kaja sizoni isanayambe.